Musanadinde chala pa kontirakiti, funsani kokadandaula mukadzaberedwa

Alimi anzanga, mvula ikamayandikira kuno ku Mulanje mapepala amayamba kuyenda m'midzi. Ena amakhala a ngongole ya feteleza ndi mbewu, ena a mgwirizano wogulitsa masamba a tiyi, nandolo, mkaka kapena nanazi kwa wogula mmodzi. Ambiri mwa inu mumayang'ana zinthu ziwiri zokha: matumba amene mulandire, ndi mtengo wa pa kilogalamu. Ziwirizi zikakoma, mumadinda chala n'kubwerera kumunda. Pali funso lachitatu limene silifunsidwa kawirikawiri: wogulayu akadzandilakwira, pepalali likundilola kukadandaula kuti, ndipo ndingabwezeredwe ndalama zingati?

Dziko lino lili ndi lamulo loletsa ogula kupangana mitengo kapena kugwiritsa ntchito mphamvu zawo pofinya mlimi. Koma lamulo kukhalapo n'kwina, ndalama zimene mwaluza kubwerera m'thumba mwanu n'kwinanso. Pakati pa ziwirizi pali kontirakiti imene munasaina. Ndime imodzi ya mizere itatu itha kukutsegulirani njira ya chipepeso, kapena kuitalikitsa mpaka inu nokha mutagwa mphwayi. N'chifukwa chake ndikuti nthawi yomenyera chipepeso ndi pamene pepala lisanasainidwe.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yathu

Tiyambe ndi tiyi. Masamba akathyoledwa m'mawa ayenera kufika kufakitale tsiku lomwelo. Akagona m'dengu amatentha n'kufiira, ndipo palibe angawagule. Mlimi wa chimanga atha kutseka nkhokwe n'kudikira kuti mtengo ukwere, koma wa tiyi alibe mwayi umenewo. Mafakitale ndi owerengeka, ndipo galimoto imene imafika kushedi kwanu ndi ya wogula mmodzi. Wa mkaka naye ali chimodzimodzi: mkaka wa m'mawa sudikira mawa. Pamene wogulitsa sangadikire ndipo wogula ndi mmodzi, mphamvu zonse zimakhala kwa wogula, ngakhale wogulayo akhale wamtima wabwino.

Akuluakulu a m'dera la Mabuka ndi Njema akukumbukira mbiri yake. Alimi ang'onoang'ono a tiyi anayambira pansi pa Smallholder Tea Authority, imene boma linakhazikitsa mu 1967. Mu 2002 bungweli linaphatikizidwa ndi fakitale ya MATECO n'kupanga STECO. M'zaka zimenezo malipiro ankachedwa, ndipo alimi ambiri anayamba kugulitsa masamba awo kumaesiteti. Lero kuli mabungwe monga Sukambizi, amene amagulitsa ku Lujeri, ndi Thuchila, amene amagulitsa ku Eastern Produce. Migwirizano yotere yapindulira mabanja ambiri: msika wodalirika, mbande, feteleza wa pangongole, mayendedwe a masamba ndi ulangizi. Sindikutchula mayinawa kuti ndiloze chala aliyense. Ndikungokukumbutsani kuti pafupifupi khomo lililonse la mlimi wa tiyi limadya kudzera m'pepala losainidwa.

Nandolo naye anatiphunzitsa kanthu. Mu 2017 dziko la India, limene limagula nandolo wambiri wa kuno, linaika malire a nandolo wolowa m'dziko lawo, ndipo mtengo kuno unagwa koopsa. Kugwa kotere ndi kwa msika, palibe munthu amene mungamusumire. Koma tiyerekeze kuti pamsika wina ogula akumana m'mawa n'kugwirizana kuti lero palibe apitirire mtengo wakutiwakuti, kapena agawana midzi kuti uyu azigula kuno, uyo uko, asamalimbirane alimi. Pamenepo mtengo watsitsidwa ndi anthu mwadala, ndipo ndi mlandu. Mlimi ayenera kusiyanitsa ziwirizi, chifukwa chipepeso chilipo pa chachiwiri chokha.

Lamulo likuti chiyani

Mu 1998 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda. Bungwe loliyendetsa ndi Competition and Fair Trading Commission, mwachidule CFTC. Lamulolo linaletsa amalonda kupangana mitengo, kugawana misika, ndi kugwiritsa ntchito kukula kwawo potsekereza anzawo. Linanenanso kuti munthu amene waluza chifukwa cha mchitidwe woletsedwawo atha kukasuma kubwalo lalikulu la milandu kuti wolakwayo amulipire.

Mu 2023 bwalo lalikulu linagamula, pa mlandu wa pakati pa CFTC ndi kampani ya Airtel Malawi, kuti lamulo lakalelo silinapatse bungweli mphamvu yolipiritsa lokha chindapusa. Lamulo latsopano, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2024, linatseka mpata umenewo. Tsopano CFTC itha kulipiritsa kampani chindapusa chofika K10 pa K100 iliyonse ya malonda ake a pachaka. Itha kulamula kuti ndalama zibwezedwe, komanso kuti kontirakiti yodyera munthu masuku pamutu ithetsedwe. Chachikulu kwa ife alimi n'chakuti lamuloli likuletsanso wogula wamphamvu kupondereza amene amamugulitsa katundu. Kale maso ankakhala kwambiri pa wogulitsa wokweza mitengo. Tsopano wogula naye ali ndi malire.

Choncho njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kukadandaula ku CFTC kuti ifufuze. Njirayi safuna loya, koma dziwani kuti chindapusa sichibwera m'thumba la mlimi. Chimene chingakufikeni ndi ndalama zokhazo zimene bungweli lalamula kuti zibwezedwe, ndipo kuti lilamule liyenera kuona mapepala oonetsa kuti mwaluza zingati. Yachiwiri ndi ya kukhoti, kumene inu kapena bungwe lanu mumasuma kufuna chipepeso. Kumeneko muyenera kuonetsa zinthu zitatu: kuti panachitika mchitidwe woletsedwa, kuti mwaluza ndalama, ndiponso kuti kuluzako kwabwera chifukwa cha mchitidwewo. Pa zitatu zonsezi, chinthu choyamba chimene woweruza adzatsegule ndi kontirakiti yanu.

Kodi ndikasaina ndiye kuti ndadzitsekera khomo?

Alimi ambiri amati, poti ndinadinda chala ndekha, ndilibenso pakamwa. Nkhaniyi inafikapo kumakhoti akuluakulu a ku Ulaya. Mu 1991 bambo wina wa ku England, Bernard Crehan, anachita lendi malo awiri ogulitsira mowa. Kontirakiti yake inkamukakamiza kugula mowa ku kampani imodzi ya Courage. Malonda atavuta, kampaniyo inamusumira mu 1993 chifukwa cha ngongole ya mowa. Iye anayankha kuti kontirakitiyo inkaphwanya lamulo la mpikisano, ndipo anzake amene sanamangidwe ndi pepala lotere ankagula mowa womwewo motchipa. Anafuna chipepeso.

Funso linali lakuti: munthu amene anasaina yekha mgwirizano wolakwika angafunenso chipepeso pa mgwirizano womwewo? Mu 2001 khoti lalikulu la mayiko a ku Ulaya linati inde, atha kutero, pokhapokha ngati iyeyo anali ndi mbali yaikulu pokonza cholakwacho. Linati woweruza aziona kuti pokambirana, wamphamvu anali ndani ndipo wofooka anali ndani. Koma nkhani sinathere pamenepo. Mu 2006 khoti lomaliza la ku Britain linagamula mokomera kampani, chifukwa woweruza woyamba anali atapeza kuti umboni sunaonetse kuti kontirakitizo zinatsekadi msika. Patapita zaka 13, bamboyo sanapambane.

Makhoti athu samangidwa ndi chigamulo chimenecho, koma pali maphunziro awiri. Kusaina pepala limene analemba ndi wamphamvu sikukuchotserani ufulu wodandaula. Koma ufulu wopanda umboni subala ndalama, ndipo mlandu wotere umadya zaka. Ndi bwino kukonza pepala lisanasainidwe kusiyana n'kudzalimbana nalo kukhoti.

Ndime zoti muziyang'anitsitse

Yoyamba: akusaina ndani? Ngati kontirakiti ili pakati pa wogula ndi bungwe lanu, wogula atha kudzanena kuti mlimi payekha sakumudziwa. Ngati ili pakati pa wogula ndi mlimi aliyense payekha, atha kudzanena kuti bungwe lilibe mbali. Kopaletivu yolembetsedwa m'kaundula wa boma itha kusaina, kusuma ndi kusumiridwa m'dzina lake. Kalabu yongogwirizana pansi pa mtengo imavutika kutero. Pemphani kuti pepala linene momveka kuti bungwe likusainira mamembala ake, ndipo lili ndi mphamvu yowadandaulira onse pamodzi. Mayina a mamembala aphatikizidwe kupepalalo.

Yachiwiri: mtengo ndi kawerengedwe kake. Chipepeso chimawerengedwa posiyanitsa zimene munalandira ndi zimene mukanalandira zinthu zikanayenda mwachilungamo. Ngati pepala likungoti mtengo udzalengezedwa ndi wogula, mulibe poyambira kuwerengera, chifukwa chilichonse chimene walengeza n'chimene munavomera. Mlimi wa tiyi amalandira mtengo woyambira pa kilogalamu, kenako bonasi imene imadalira mmene tiyi wayendera pamsika. Pepala linene kuti bonasiyo imawerengedwa bwanji, pogwiritsa ntchito mitengo iti, ya kuokushoni ya ku Limbe kapena ina, ndipo ndani mwa alimi ali ndi ufulu woona mawerengedwewo. Kwa mbewu zimene Unduna wa Zaulimi umalengeza mitengo yoyambira chaka ndi chaka, pepala linene kuti mtengo sudzatsika kuposa wa boma. Linenenso tsiku la malipiro, ndi chimene chidzachitike tsikulo likadutsa. Kwacha ikamagwa mphamvu, ndalama yochedwa miyezi itatu sigulanso thumba limene ikanagula.

Yachitatu: sikelo, giredi ndi kukana mbewu. Wogula atha kusunga mtengo monga munagwirizanirana, koma n'kukudulani pa sikelo, pa chinyezi kapena pa giredi. Ngati ndime ikuti chigamulo cha wogula pa giredi n'chomaliza, mwamupatsa mpeni ndi nyama yomwe. Pemphani kuti muyezo ulembedwe: masamba abwino ndi otani, amachotsa makilogalamu angati masamba akanyowa ndi mvula, nandolo akhale wouma motani. Sikelo ikhale yoyesedwa ndi Malawi Bureau of Standards, ndipo nthumwi ya alimi izikhalapo poyeza. Mbewu ikakanidwa, chifukwa chake chilembedwe papepala, ndipo mukhale ndi ufulu wokaigulitsa kwina.

Yachinayi: kugulitsa kwa wogula mmodzi yekha. Ndime imeneyi payokha si yolakwika. Amene wakukongozani feteleza ali ndi chifukwa chomveka chofunira kuti mbewu ibwere kwa iye. Vuto limayamba ndimeyi ikakhala ya zaka zambirimbiri, yokhudza mbewu zonse za pakhomo, yopanda njira yotulukira, kapena yopitirira ngakhale ngongole itatha. Funsani kuti mukumangidwa kwa nthawi yaitali bwanji, pa makilogalamu angati, ndipo mungatuluke motani. Funsaninso kuti wogula akachedwa kulipira kapena akalephera kudzatenga mbewu, inu mukumasuka kapena ayi. Chingwe chomanga mbali imodzi yokha n'chimene lamulo la mpikisano limachikayikira.

Yachisanu: kokadandaula. Makontirakiti ena amati mkangano uliwonse sudzapita kukhoti, udzapita kwa mkhalapakati amene chigamulo chake n'chomaliza. Mkhalapakati atha kuthandiza kuti nkhani ithe msanga, koma amalipidwa, ndipo funso n'lakuti amusankha ndani, akakhala kuti, ndipo amulipira ndani. Mlimi wa ku Milonde akauzidwa kuti nkhani yake ya K100,000 ikamvedwe ku Lilongwe, thiransipoti ndi malo ogona zokha zidya ndalamazo. Choopsa kwambiri ndi ndime yoletsa alimi kudandaula pagulu.

Za ndime imeneyi tiphunzire ku America. Malo odyera otchedwa Italian Colors, pamodzi ndi amalonda ena ang'onoang'ono, anasumira kampani ya American Express kuti ikugwiritsa ntchito mphamvu zake powalipiritsa ndalama zambiri. Koma kontirakiti imene anasaina inkati aliyense azipita yekha kwa mkhalapakati, popanda kusuma pagulu. Amalondawo anaonetsa kuti kulemba katswiri wa zachuma woti apereke umboni kukanadya madola mazanamazana a masauzande, pamene chipepeso cha Italian Colors sichikanafika ngakhale madola 40,000. Mu 2013 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti ndimeyo igwirebe ntchito poti anasaina. Ufulu wawo unalipo, koma palibe wanzeru amene angawononge ng'ombe kuti apulumutse nkhuku. Inu musavomere ndime yokulekanitsani ndi anzanu. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Yachisanu ndi chimodzi: malire a chipepeso ndi a nthawi. Ndime ina imati wogula sadzalipira choposa mtengo wa mbewu ya mwezi umodzi, zivute zitani. Ina imati dandaulo lililonse lifike pasanathe masiku 7, apo ayi lafa. Malamulo a dziko lino amapereka zaka 6 zoti munthu asume pa nkhani ya kontirakiti. Nanga bwanji pepala likuchepetsereni kufika sabata imodzi? Kupangana mitengo kumachitika mobisa, ndipo kumadziwika patapita miyezi kapena zaka. Masiku ochepa ndi omveka pa dandaulo la sikelo ya tsiku limenelo, koma asakhudze nkhani zimene simukanatha kuzidziwa msanga.

Yachisanu ndi chiwiri: mawu otseka nkhani. Polandira bonasi kapena malipiro omaliza, werengani chimene chalembedwa pamwamba pa malo osainira. Ngati pakuti mwalandira zonse ndipo simudzafunanso kanthu pa nyengo imeneyi, mwina mukusainira kutaya chipepeso cha cholakwa chimene simunachidziwe n'komwe. Palinso ndime imene imati zolembedwa m'pepalamu ndi zokhazo zimene tagwirizana. Tanthauzo lake n'lakuti malonjezo onse a pamsonkhano, onena za galimoto yodzatenga mbewu kapena za kukwera kwa mtengo, afera pomwepo. Lonjezo limene lakukopani lilowe m'pepala. Ndipo musavomere ndime ya chinsinsi yokuletsani kuonetsa kontirakiti kwa mlangizi, kwa loya kapena ku CFTC.

N'zoona kuti khoti kapena CFTC itha kukana ndime yopondereza. Koma kuti ikanidwe muyenera kuyamba mwalimbana nayo, ndiye kuti mlandu wina usanayambe mlandu weniweni. Wogula ali ndi maloya ndi nthawi. Inu muli ndi munda wofuna kupalira.

Umboni umasungidwa lero

Tiyerekeze ndi masamu apafupi. Mwagulitsa nandolo makilogalamu 500 pa K800, pamene popanda ogula kupangana mukanagulitsa pa K1,000. Mwaluza K200 pa kilogalamu, zonse pamodzi K100,000. Kwa banja limodzi ndi ndalama zambiri, koma sizingalipire loya. Tsono ngati alimi 300 a kopaletivu imodzi aluza chimodzimodzi, ndalamazo zakwana K30,000,000. Pamenepo nkhani yakula, ndipo aliyense aimvetsera. Koma woweruza adzafunsa mafunso awiri: makilogalamu 500 aja alembedwa pati, ndipo K1,000 ija mwaitenga kuti?

Yankho la funso loyamba ndi malisiti. Sungani lisiti lililonse la sikelo ndi pepala lililonse la malipiro, loonetsa makilogalamu, giredi, mtengo ndi zonse zimene adula. Ikani m'pulasitiki pamodzi ndi kope ya kontirakiti. Amene muli ndi foni yojambula, jambulani. Mauthenga a malipiro a pa Airtel Money kapena TNM Mpamba musafufute. Musalole kuti kope yokhayo ya kontirakiti ikhale kuofesi ya wogula.

Yankho la funso lachiwiri ndi buku la mitengo. Mlembi wa kalabu azilemba sabata iliyonse mitengo ya pamisika yoyandikana, monga Limbuli, Chitakale, Nkando ndi Luchenza, pamodzi ndi mtengo wa boma ndi umene wamveka pawailesi. Kufanana kwa mitengo pakokha si umboni wakuti ogula apangana, chifukwa amalonda amaonerana. Koma ngati mitengo yagwa tsiku limodzi pamsika wanu pokha pamene kwina sinasinthe, kapena wogula wakukanani n'kunena kuti mudzi wanu ndi wa mnzake, lembani tsiku, malo, mawu amene ananenedwa ndi amene analipo. Zolembedwa tsiku lomwelo zimalemera kuposa zokumbukira patapita zaka ziwiri.

Mbali yathu alimi

Pali mawu owawa amene ndiyenera kunena. Alimi ena amalandira feteleza wa pangongole, kenako n'kuzembetsa mbewu kwa venda usiku. Ena amasakaniza masamba okhwima ndi anthete, kapena kuthira mchenga ndi madzi m'thumba. Wochita zotere akadzapita kukadandaula, wogula adzatulutsa kontirakiti yomweyo n'kuonetsa kuti woyamba kuphwanya ndi mlimi. Ngongole yotsala idzachotsedwa pa chilichonse chimene mukanalandira, ndipo mawu anu sadzakhulupirikanso. Komanso khalidweli n'limene ogula amalozera akamaumiriza ndime zolimba zimene zimapweteka ngakhale alimi okhulupirika. Mapanga awiri avumbwitsa. Ngati mtengo wa mu kontirakiti watsalira kutali ndi wa pamsika, njira yake ndi kukhala pansi ndi wogula kudzera m'bungwe lanu. N'chifukwa chake pepala labwino limakhala ndi ndime yolola kuunikanso mtengo zinthu zikasintha.

Onaninso chimene pepala likunena pa ngozi zogwa mwadzidzidzi. Tonse tikukumbukira zimene namondwe wa Freddy anachita m'boma lino mu Malichi 2023. Munda ukakokoloka, ngongole ya zipangizo iima kaye, ichepetsedwa, kapena ikhala pamutu panu yonse? Ngati gulu linasainira kubwezerana ngongole, dziwani kuti ya mnzanu itha kudulidwa pa malipiro anu. Zimenezi zikambidwe kunja kusanade.

Pempho kwa atsogoleri, ogula ndi boma

Inu atsogoleri a mabungwe ndi makopaletivu, kontirakiti si katundu wa komiti. Iwerengedwe pamsonkhano wa mamembala, ndime ndi ndime, m'Chichewa, isanasainidwe. Pa ndalama za bungwe patulani pang'ono zolipirira loya woti aiwerenge. Ola limodzi la loya lero ndi lotchipa kuposa zaka za kukhoti. Amene alibe ndalama atha kufunsa thandizo ku Legal Aid Bureau. Ndipo mtsogoleri amene amalandira kanthu kuchokera kwa wogula asakhale pagome lokambirana mtengo.

Inu ogula, makampani ndi maesiteti, pepala lomveka bwino limakutetezani inunso. Mlimi amene akudziwa mmene bonasi yake yawerengedwera sathamangira kwa venda. Perekani kontirakiti m'chilankhulo chimene mlimi amamva, mpatseni masiku oti akaiwerenge kunyumba, ndipo musachotse munthu m'kaundula chifukwa chakuti wafunsa funso kapena wakadandaula. Mantha otaya msika ndi amene amatseka pakamwa alimi ambiri kuposa ndime ina iliyonse, choncho pepala linene poyera kuti wodandaula sadzalangidwa.

Kwa CFTC ndi Unduna wa Zaulimi, lamulo la 2024 lifike kumashedi a tiyi, kumalo osonkhetsera mkaka ndi kumisika ya nandolo. Pakufunika chitsanzo cha kontirakiti ya ulimi, cholembedwa m'Chichewa, choonetsa ndime zosayenera kusowa ndi ndime zosayenera kupezeka. Ife alangizi si maloya, koma tili m'madera onse a zaulimi a m'boma lino, ku Thuchila, Kamwendo, Msikawanjala, Milonde ndi pa Boma. Titapatsidwa chitsanzo chotere, titha kuthandiza alimi kufananiza ndi pepala limene labwera m'mudzi.

Kwa inu mlimi, chaka chino pepala likafika musafulumire. Pemphani kope yanu. Pemphani masiku oti mukaliwerenge, ndipo ngati maso kapena sukulu zikuvuta, mwana wanu kapena mlangizi akuwerengereni mokweza. Fufuzani mayankho a mafunso awa: ndikugulitsa kwa ndani ndipo mpaka liti, mtengo ukuwerengedwa bwanji, adula chiyani, andilipira liti, tikasemphana tikakumana kuti, ndipo ndingapite limodzi ndi anzanga kapena ayi. Funso limodzi likasowa yankho, bwererani nalo kubungwe lanu musanadinde chala. Wogula wachilungamo sadana ndi mafunso amenewa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.